Kodi Adauzako Yani? Asayansi ndi Anthu a M'tsinde mwa Phiri la Mulanje

M'chaka cha 2017 boma la Mulanje lidamveka kawiri kunja kwa dziko lino, ndipo maulendo onse awiri nkhani yake sidali yonyaditsa. Poyamba akatswiri a zankhalango adakwera phiri kukawerenga mitengo ya mkungudza imene idatsala, ikuluikulu ija yotha kubala njere, ndipo adapeza 7 yokha. Kachiwiri, kuyambira mwezi wa Sepitembala, mphekesera ya anamapopa idabuka m'midzi ya m'tsinde mwa phiri lomwelo, nifalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu osachepera 9 adaphedwa ndi anzawo powaganizira kuti akupopa magazi. Nyuzipepala zidaika nkhani ziwirizi pa masamba osiyana, ina ya zachilengedwe, ina ya umbuli wa anthu akumudzi. Ine ndikuti ndi nkhani imodzi, ndipo kuti tiimvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 120, kufikira pamene wasayansi woyamba adakwera phirili.

Munthuyo adali Alexander Whyte wa ku Scotland, amene adayamba wakhala ku Ceylon zaka zambiri. Adabwera kuno m'1891 pamodzi ndi Harry Johnston, yemwe boma la Britain lidamtuma kudzakhazika ulamuliro wa atsamunda, ndipo ntchito yake idali yofufuza zomera, mbalame ndi nyama za dzikoli. Patangopita masabata owerengeka Johnston atafika, asilikali ake otsogozedwa ndi Captain Maguire adakathira nkhondo mfumu ya Chiyao, Chikumbu, m'tsinde mwa Mulanje. Mu Okutobala chaka chomwecho Whyte adakwera phiri. Owerenga asunge ndondomeko imeneyi, pakuti anthu a kumeneko adaiona ndi maso awo: idatsogola ndi mfuti, pambuyo pake n'kubwera mzungu wothyola masamba.

Pamwamba pa phiri Whyte adapeza nkhalango za mitengo yowongoka bwino, ina yotalika mamita pafupifupi 40, ya thabwa lonunkhira limene chiswe sichilawa. Adathyola nthambi zake, naziumitsa pakati pa mapepala, nazitumiza ku British Museum ku London. M'1894 katswiri wa kumeneko, A. B. Rendle, adautcha mtengowo Widdringtonia whytei. Mbali yachiwiri ya dzinali ndi ya Whyte. Yoyambayo ndi ya Captain Widdrington, msilikali wa pamadzi wa ku England amene adamwalira m'1856, zaka 35 Whyte asanaponde pa Mulanje. Amtengatenga amene adasenza mahema, mapepala ndi kamba kukwera matanthwe aja, ndi amene adalozera mlendoyo njira, mayina awo sadalowe m'Chilatini. Mtengowo udali nalo kale dzina, koma m'mabuku udabadwa m'1894.

Tisamunamizire Whyte. Adali ndi maso akuthwa, ndipo adaona msanga kuti moto wa chaka ndi chaka ukudya nkhalangozo kuyambira m'mphepete, nachenjeza kuti zitetezedwe. Funso langa ndi lakuti, adachenjeza yani? Lipoti lake lidapita kwa Johnston ku Zomba ndi kwa akatswiri anzake ku London, m'chiyankhulo chimene mlenje wotentha tchire pamwamba pa phiri sakadachimva. Ndipo amene adalimva msanga lipotilo adali ofuna matabwa: zaka za m'ma 1890 zisanathe boma lidayamba kucheka mkungudza womangira nyumba zake. M'1927 phiri lidalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ya boma. Kwa munthu wa ku Likhubula kapena ku Fort Lister, nzeru zonse za akatswiri zidamfika ngati malire, chiphaso ndi mlonda wovala yunifolomu.

Zidapitirira chomwecho. M'1924 Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma, adapeza bauxite, dothi lopangira aluminiyamu, pa Lichenya, ndipo kuyambira pamenepo alendo akhala akubwera kudzakumba maenje, kudzaza timatumba, n'kumapita. Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha tiyi. Tiyi adayamba kubzalidwa ku Mulanje m'1891, ndipo pofika zaka za m'ma 1920 minda yambiri idagwidwa ndi nthenda yozunguza mutu: masamba ankachita chikasu ndi kuchepa, nthambi n'kumauma kuyambira kunsonga mpaka mtengo wonse kufa. Poyamba ankaganizira matenda a m'mizu kapena kachilombo kosaoneka ndi maso. H. H. Storey ndi R. Leach sadafune kungokhulupirira za m'mutu. Adagawa munda m'tizigawo, apa kuthira ichi, apo kuthira icho, pena osathira kanthu, mpaka adatsimikiza kuti nthaka ikusowa sulufule. Zimene adapezazo adazisindikiza m'1933 m'magazini ya akatswiri ya ku Britain yotchedwa Annals of Applied Biology, ndipo feteleza wokhala ndi sulufule adapulumutsa maesiteti.

Imeneyi ndiyo sayansi yeniyeni, kukayika, kuyesa ndi kufananiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga Mlomwe amene adathawa nkhanza za Apwitikizi nadzakhala pa thangata, amene adathira fetelezayo ndi manja ake, adalandirapo chiyani? Adalandira mawu a kapitawo akuti thira apa. Yankho lidamfika, koma njira yopezera yankho idatsalira m'ofesi. Tsono munthu amene mwamzoloweza kulandira mayankho opanda zifukwa mwamlanda muyeso wosiyanitsira mawu a dokotala ndi mawu a pa chigayo. Onse awiri amangoti zili chonchi, ndipo iye amasankha amene akumdziwa nkhope.

Wasayansi amene adatembenuka ndi James Chapman, yemwe anzake ankamutcha Jim. Adabwera ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ngati bwana wa zankhalango, ndipo phiri la Mulanje lidamulowa m'magazi. M'1962 a Government Printer ku Zomba adasindikiza buku lake la zomera za m'phirili, ndipo m'1970 adalemba pamodzi ndi Frank White wa ku Oxford buku la nkhalango zobiriwira chaka chonse za m'Malawi. Mabuku awiriwa ndi a akatswiri okhaokha, odzaza ndi mayina a Chilatini, miyeso ya mvula ndi mitundu ya nthaka. Pambuyo pake adakagwira ntchito ku Nigeria, ndipo atabwerera ku Mulanje m'zaka za m'ma 1980 ndi mkazi wake Betty adapeza zinthu zitasintha. Sowo idali kulira m'zigwa. Mitengo ya paini yochokera ku Mexico, imene dipatimenti yake yomwe idabzala pa Chambe, idali itayamba kudzifesa yokha ndi kulanda malo. Ndipo m'1986 kudatulukira nsabwe zachilendo zoyamwa madzi a m'nthambi, zimene zidaumitsa mitengo yambiri ya mtundu wa mkungudza m'dziko muno.

M'1995 bungwe la Society of Malawi lidasindikiza kabuku kake kotchedwa The Mulanje Cedar: Malawi's National Tree. Kameneka sadalembere a ku Oxford. Adalembera munthu aliyense wotha kuwerenga, kumuuza kuti mtengowu umamera motani, udachekedwa motani, ndi kuti ukupita kokatha. Chidamsintha n'chiyani munthu amene kwa zaka 30 adakhutira ndi kulembera anzake? Ine ndikuona kuti chidali chinthu chapafupi. Adazindikira kuti zonse zimene ankadziwa za mkungudza sizidaimitse nkhwangwa ndi imodzi yomwe, ndi kuti lipoti logona m'kabati ku Zomba silizimitsa moto pa Sombani. Timakonda kuganiza kuti wasayansi akatsika kudzayankhula ndi anthu wamba ndiye kuti wagwidwa chifundo, akufuna kutigawirako kuwala. Kwa Chapman sindikuona chifundo. Ndikuona munthu wosowa pogwira, amene waona kuti chimene wachikonda moyo wake wonse chili m'manja mwa ena, ndipo ngati enawo samva chifukwa chake, chipita. Pa zifukwa ziwirizi chachiwirichi ndicho ndimachikhulupirira, pakuti wachifundo akatopa amabwerera kwawo.

Komabe kabukuko kadali ka m'Chingerezi, ndipo oyamba kukawerenga adali a m'tauni okwera phiri pa tchuthi. M'1987 boma lidali litakhazikitsa National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, pamene Dr. James Seyani ndi Amalawi anzake adatenga utsogoleri wa ntchito yosunga ndi kutchula zomera zathu. Lidali phazi lalikulu ndithu, koma kwa wocheka matabwa wa pa Thuchila, Zomba ndi London kutalika kwake n'kumodzi.

Pali nkhani ina imene akatswiri sakonda kuikamba pabwalo, chonsecho ndiyo ikadaphunzitsa anthu koposa: nkhani ya kuphonya kwawo. Pa Mulanje pali mitengo iwiri yofanana masamba. Wina ndi mkungudza weniweni, wa thunthu limodzi, umene ukapsa wapsa. Wina ndi wachitsamba, wa mathunthu angapo, umene umaphukiranso pachitsa moto ukadutsa, ndipo umapezekanso ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. M'1966 katswiri wa ku South Africa, J. A. Marsh, adagamula kuti yonseyi ndi mtundu umodzi, dzina la whytei n'kukankhidwira pambali. Padapita zaka 31 kufikira m'1997, pamene Anton Pauw ndi Peter Linder a ku yunivesite ya Cape Town, atakwera phiri ndi kuyeza mitengo pamalo pake, adaonetsa kuti ndi mitundu iwiri, ndipo kuti wautali uja sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi kupatula pa Mulanje ndi pa Michesi poyandikana napo. Taonani kulemera kwa nkhaniyi. Ngati mtengowu uli umodzi ndi chitsamba chopezeka mpaka ku Cape, kutha kwake pa Mulanje ndi tsoka laling'ono. Ngati uli wokhawokha, ukatha watha. Wocheka matabwa, amene sangataye thukuta lake kukumba dzenje la sowo pansi pa chitsamba, akadakhala ndi mawu pa mkanganowu. Ndipo mwana wa sukulu wa pa Chitakale akadamva kuti akatswiri adasokera zaka 31 nakonzana okha pobwerera kukayang'anitsitsa, akadatola chinthu choposa dzina la Chilatini, chakuti mawu a wophunzira nawo amayesedwa.

Koma kodi masiku amenewo kuyesa mawu a wamkulu kudali kololedwa? M'1984 Dr. Kamuzu Banda adalengeza kuti mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, nthawi imene mabuku ambiri a akatswiri ankati si mtundu wapadera n'komwe. Adalengeza, anthu adawomba m'manja, nkhani idathera pomwepo. Ngodya zinayi zimene mwana aliyense ankaloweza zidali Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Kufunsa padalibepo. Makolo adati safunsa adadya phula, koma m'zaka zimenezo wofunsa ndiye ankakagona ku Mikuyu, monga adagonera Jack Mapanje, mmodzi wa oyambitsa bwalo la alembi la ku Chancellor College, kuyambira 1987 mpaka 1991.

Lamulo la m'phiri lidali lakuti ocheka azidula mitengo youma yokha. Pa pepala lidali lanzeru. Ocheka nawonso adakhala pansi naganiza: ngati wouma ndiye wololedwa, tiyeni tiumitse. Ankasenda khungwa kuzungulira thunthu kapena kusonkha moto patsinde, n'kudzabweranso mtengo utauma, chiphaso chili m'manja. Amene amati anthu akumudzi saganiza ayambe wafotokoza zimenezi. Kafukufuku wa m'1989 adapeza mahekitala 1,462 a mkungudza. Wa m'2004 adapeza 845, ndipo pa mitengo itatu iliyonse yoimirira, pafupifupi umodzi udali wakufa.

Pano ndinene mosabisa kuti kuphunzitsa kokha sikukadathetsa zonse. Mnyamata wotsika Chambe wopanda nsapato, thabwa lalitali lili pamutu, sachita zimenezo chifukwa chosadziwa Chilatini. Kunyumba kuli ana, ndipo minda yabwino idapita ku tiyi kalekale. Ogula matabwawo ku Blantyre ndi ku Lilongwe sadali mbuli.

Tsopano titsike phiri, tibwere kwa anamapopa. Mphekeserayi si ya dzulo ayi. Ku Northern Rhodesia m'nthawi ya atsamunda ankanena za banyama, anthu ogwira anzawo kuti azungu awachotse magazi, ndipo wolemba mbiri Luise White, m'buku lake la m'2000 lotchedwa Speaking with Vampires, adaonetsa kuti nkhani zotere zinkamera pamene padali ntchito yolembana mokakamiza ndi zachipatala zochitidwa pa anthu popanda kuwafotokozera. Kuno kwathu, nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, kudamveka kuti magazi akupita ku South Africa kukabweza ngongole za boma. Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kudamveka kuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo. Mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre, adagendedwa ndi miyala, ndipo mtolankhani wa wailesi ina adamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu wonena kuti adapopedwa. M'2017 bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, boma lidaletsa kuyenda usiku, apolisi adamanga anthu oposa 100, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adapita yekha kukayankhula ndi anthu. Anyamata ankatchinga misewu ndi kusecha zikwama, azaumoyo n'kumaopa kuyenda ndi zipangizo zawo. Maulendo onsewa yankho lalikulu la boma lidali lakuti khalani chete.

Sindikuikira kumbuyo opha anzawo. Amene adafa adali osalakwa, mmodzi wa iwo mnyamata wodwala khunyu amene adatenthedwa ku Blantyre. Koma tiyeni tione m'mene mphekeserayo imaonera dziko. Kumabwera mlendo ndi chipangizo chosadziwika, amatenga chinthu cha mtengo wapatali, amapita nacho kutali, olemera amalemererapo, mwini wake osauzidwa kanthu. Chotsanipo mawu akuti magazi, muikepo masamba a Whyte, dothi la Dixey, matabwa a mkungudza kapena tiyi, ndipo mupeza kuti mwakamba mbiri ya Mulanje osaphonya. Anthu adasokera pa chinthu chotengedwacho, koma katengedwe kake adakhala akukaona kuyambira nthawi ya agogo awo.

Chowawa n'chakuti mayankho ake sadali ovuta. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5. A Malawi Blood Transfusion Service, bungwe limene lidakhazikitsidwa m'2003, akamatenga magazi kwa wopereka mwaufulu amafuna singano yaikulu yolowa mumtsempha, thumba lokhala ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi mphindi zingapo munthu atagona phee. Amatenga osafika theka la lita, amawayeza matenda, amawasunga m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 6, ndipo pakatha masabata 5 kapena 6 osagwira ntchito amatayidwa. Magazi opopedwa mumdima kudzera pa denga la udzu angaundane asanafike ndi pamsewu pomwe, ndipo palibe chipatala chimene chingawalandire. Bungwe la madokotala la Society of Medical Doctors lidanena poyera kuti palibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene adapezeka ndi umboni wa kupopedwa. Lidanena zoona, koma lidanena maliro atachitika kale, kwa anthu amene mitima idali itauluka. Zinthu zimenezi anthu akadaziona ndi maso pansi pa mtengo wa mango zaka za m'mbuyomo, thumba ndi singano zikuyenda m'manja, wina kufunsa, wina kuyankha m'Chichewa kapena m'Chilomwe, mwina pa chipata chilichonse pakadapezeka nkhalamba imodzi yofunsa kuti, bala lakelo lili pati? paipiyo adaiona ndani?

Pamene midzi ina inkayaka ndi mphekesera, m'midzi ina yozungulira phiri lomwelo mudali mutayambika ntchito ya mtundu wina. Kuyambira 2016 a Mulanje Mountain Conservation Trust, a Forestry Research Institute of Malawi a ku Zomba ndi a Botanic Gardens Conservation International a ku Britain adakhazikitsa nazale za mkungudza zosamalidwa ndi anthu a m'midzi eni ake. Dr. Tembo Chanyenga, Mmalawi amene adatha zaka akufufuza kagwedwe ka njere za mkungudza ndi kutentha kumene zimafuna kuti zimere, adali atalemba zimene adapeza m'magazini a akatswiri monga adachitira anzake akale. Koma ulendo uno nzeru zotere zidatsika mpaka m'manja mwa amayi othira dothi m'timachubu, amene ankadzionera okha njere zomera ndi zokana. Mbande zoposa 500,000 zidakwera phiri, kudzera njira zomwezo zimene matabwa ankatsikira. Zina zidapsa ndi moto, zina zidagwira, ndipo mkungudza sufulumira: wobzala sadzacheka.

Mitengo 7 ija sidadikire. Pofika 2018 yonse idali itagwetsedwa. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chifukwa chimene lidapereka sichidali mkungudza kapena bauxite, koma mizimu, miyambo ndi malo opatulika a Amang'anja, Ayao ndi Alomwe.